Kujambula mutu wa wovulala pa CT popanda kuphonya magazi obisala

Wa kabaza wagwa, wafika ali chikomokere. Yambani ndi kagonekedwe: mutu ukhale pakati penipeni pa bowo la makina, ndolo ndi zitsulo za m'tsitsi zichoke, chifukwa chitsulo chimalemba mizere yowala pachithunzi. Ngati khosi likukayikitsa musalipinde pofuna chithunzi chooneka bwino, kompyuta iwongola pambuyo pake. Contrast (mankhwala obaya m'mitsempha kuti ziwalo zioneke bwino pachithunzi) musabaye, magazi atsopano amaoneka okha.

CT si kamera. Chubu cha X-ray chimazungulira mutu, zoyezera za mbali inayo zimawerenga mphamvu yomwe yadutsa, kenako kompyuta imapatsa kadontho kalikonse nambala. Manambalawa amatchedwa Hounsfield, potengera Godfrey Hounsfield yemwe makina ake anajambula wodwala woyamba pachipatala cha Atkinson Morley ku London mu 1971. Madzi ndi 0, mpweya -1000, ubongo pakati pa 20 ndi 45, magazi oundana 50 mpaka 80, pomwe fupa lolimba limapitirira 1000.

Diso silingasiyanitse manambala onsewa nthawi imodzi, n'chifukwa chake timasankha window, kutanthauza gawo la manambala omwe tikufuna kuona. Ya ubongo imakhala width (kutambalala kwa gawolo) 80, level (nambala ya pakati pake) 40. Tanthauzo lake n'lakuti mukuona kuyambira 0 mpaka 80 basi, ndipo chilichonse choposa 80 chimayera mbee. Ndiye taganizani kamzere ka magazi a 75 katamatirira kuchigaza: magazi oyera, fupa loyera, malire osaoneka. Ophunzira ambiri omwe ndakhala nawo amathera pa window imeneyi n'kunena kuti mutu uli bwino. Ine sindilola wodwala kutsika pabedi ndisanatambasule width kufika 200, level 80. Apo fupa limakhalabe loyera koma magazi amatuwa, n'kuonekera paokha. Kenako pitani pa window ya fupa, width ya m'ma 2500, muone ngati chigaza chasweka.

Chithunzi chikakukayikitsani musathamangire kujambulanso. Deta ili kale m'makina. Auzeni adule magawo opyapyala a milimita imodzi, muwaonenso mu coronal (magawo odulidwa choimirira kuchokera khutu lina kufika khutu lina), momwe magazi a pamwamba penipeni pa mutu amaonekera bwino. Kujambulanso n'kumuwonjezera munthu radiation (cheza cha X-ray) popanda chifukwa, makamaka mwana, amene kV ndi mAs zake (miyezo ya mphamvu ndi kuchuluka kwa X-ray) ziyenera kutsitsidwa. Mizere yakuda ya kumunsi kwa ubongo, pakati pa mafupa a makutu, kawirikawiri imabwera chifukwa cha kulimba kwa fupalo, si matenda.

Funsaninso za hemoglobin (muyezo woonetsa ngati munthu ali ndi magazi okwanira) komanso tsiku lenileni la ngozi. Munthu woperewera magazi kwambiri, monga yemwe wangodwala malungo aakulu, magazi ake otayika m'mutu amatha kufanana mtundu ndi ubongo. N'chimodzimodzi magazi omwe agona sabata ziwiri kapena zitatu. Zikatero yang'anani ngati mzere wapakati pa ubongo wasunthira mbali imodzi, ndiponso ngati makwinya a ubongo akufika kuchigaza mbali zonse ziwiri.