Masipoko opinda kapena owongoka: musankhe ati pomanga wilo la njinga?

Musanagule sipoko ngakhale imodzi, yang'anani kaye habu, chitsulo cha pakati pa wilo chimene masipoko amakolekedwapo, chifukwa habu ndiyo imakusankhirani. Ikakhala ndi timabowo tozungulira m'mphepete mwake, ndi ya masipoko opinda, aja ali ndi kachigongono pafupi ndi mutu ngati chilembo cha J. Ogulitsa amawatcha J-bend. Ikakhala ndi timphako toloza kulimu, ndi ya masipoko owongoka, otchedwa straight pull. Mitundu iwiriyi silowererana malo, choncho kusankha kwenikweni kumachitika tsiku limene mukugula habu kapena wilo latsopano.

Oyamikira masipoko owongoka amanena zoona akamati sipoko yopinda imakonda kuthyokera pachigongono. Koma tiyeni tione chimene chimaithyola. Wilo likamayenda, masipoko amene afika pansi, pomwe tayala lakhudza msewu, amakhwefuka pang'ono chifukwa cha kulemera kwa wokwera ndi katundu, kenako amakungikanso akachoka pamenepo. Pa kilomita imodzi yokha, wilo la njinga yaikulu limazungulira maulendo pafupifupi 450. Sipoko yokungidwa bwino imapirira zimenezi zaka zambiri. Yolobodoka imagwedera pachigongono ulendo uliwonse, monga waya amene mukumupinda uku ndi uku mpaka aduke. Zimachitikanso ngati bowo la pahabu lakula kuposa sipoko, kapena ngati chitsulo cha m'mphepete mwa habu n'chopyapyala moti chigongono sichikugonapo. Mukaona mutu wa sipoko wadzuka, osakhala thaa pachitsulo, ikani kawashala kakang'ono pansi pa mutuwo.

Ndiye vuto lalikulu si kupindako ayi, ndi mmene wilo lamangidwira. Sipoko yowongoka nayo imathyoka ikakhala yolobodoka, kungoti iyo imadukira pamazinga kapena m'khosi mwa mutu.

Ubwino wa masipoko owongoka ulipo. Poluka wilo amalowa msanga, ndipo pamahabu ena mutha kusintha sipoko ya kumbuyo mbali ya tcheni osachotsa magiya. Pa masipoko opinda izi sizitheka: muyenera kumasula fuliwilo kaye, ndipo mbali inayo diski ya mabuleki ngati ilipo.

Zovuta zake ndiye muzimvetse bwino. Choyamba, sipoko yowongoka ilibe choigwira pahabu, ndiye mukamamanga nipo, kanati kaja ka palimu, sipoko yonse imazungulira nayo limodzi. Mumangoona sipana ikuyenda koma wilo osawongoka. Pamafunika kuigwira ndi pulayala yopanda mano, kapena yokulunga kachikopa, chifukwa mano akakanda chitsulo pamenepo ndi pomwe idzathyokere mtsogolo. Chachiwiri, kalukidwe kake anakakonzeratu opanga habu. Simungasinthe kuti masipoko adutsane katatu ngati habuyo ndi yodutsana kawiri. Kutalika kwake nakonso kumawerengedwa ndi miyeso ya habu yomweyo. Ndipo chachikulu kuposa zonse, sapezeka paliponse. Sipoko yopinda wokonza njinga aliyense amakhala nayo, pomwe yowongoka ya kutalika koyenera mutha kuidikira masiku njinga ili chogona.

Malangizo athu ndi awa. Njinga yonyamula katundu kapena anthu, yoyenda m'misewu ya mabampu, kapena ya maulendo ataliatali, ikhale ndi masipoko opinda 36 pawilo, odutsana katatu, achitsulo chosachita dzimbiri, onenepa mamilimita 2.0. Katundu akakhala wolemera kwambiri, a mamilimita 2.3 ndi abwino kumbuyo, bola mabowo a habu ndi a limu awalole. Palinso masipoko owonda pakati, a 2.0 kumapeto konse ndi 1.8 pakati. Ambiri amawaopa poganiza kuti ndi ofooka, chikhalirecho amakhalitsa, popeza pakatipo pamatamuka n'kupeputsira chigongono ndi mazinga ntchito. Manipo akhale abulasi. Aaluminiyamu ndi opepuka koma amadyeka ndi chinyezi n'kumatirira.

Wa njinga yampikisano amene wapeza wilo labwino la masipoko owongoka asaliope. Angogula masipoko apadera tsiku lomwelo, atatu kapena anayi a kutalika kulikonse, pakuti nthawi zambiri akumbuyo kumanja, akumbuyo kumanzere ndi akutsogolo salingana.

Mtundu uliwonse mungasankhe, samalani kutalika. Sipoko ikatalika ndi mamilimita awiri kapena atatu imatulukira pamwamba pa nipo n'kubaya chubu. Ikafupika, mutu wa nipo umaduka. Donthezani mafuta pamazinga musanayambe. Mangani theka la kuzungulira pa sipoko iliyonse mpaka mutazungulira wilo lonse, osati kukunga imodzi mpaka pamapeto. Kumbuyo mbali ya tcheni, malimu ambiri amafuna mphamvu ya makilogalamu 100 mpaka 120. Ngati mulibe choyezera, lizani sipoko iliyonse ndi chala ngati waya wa gitala, ndipo onse a mbali imodzi alire mofanana. Pomaliza finyani masipoko awiriawiri ndi dzanja mwamphamvu kuzungulira wilo lonse kuti zigongono ndi mitu zikhazikike, kenako onaninso ngati limu ikuyenda mowongoka musanaike tayala.