Mwagunda galimoto ya eni ndalama mulibe? Umu ndi momwe mungalipirire pang'onopang'ono osataya laisensi

Pa Kamuzu Road kapena pa Kaphatenga ku Salima, pomwe minibasi, ma Sienta ndi akabaza amalimbirana msewu, kukhulana kwa magalimoto sikusowa. Wolakwa mukakhala inu, dziwani kuti nkhani zilipo ziwiri: ngongole yokonzetsera galimoto ya mnzanuyo, ndi mlandu wa pamsewu. Laisensi imaluzika chifukwa cha mlanduwo.

Poyamba imani, ovulala apite kuchipatala, ndipo apolisi adziwe tsiku lomwelo. Jambulani magalimoto onse awiri asanasunthidwe, nambala zikuoneka. Kuthawa pamalo a ngozi ndi mlandu pawokha.

Kenako imbirani a inshuwalansi anu. Ya third party, yomwe lamulo limafuna pa galimoto iliyonse, ntchito yake ndi kulipira zomwe mwawonongera anthu ena, koma ili ndi malire. Adzafuna lipoti la apolisi ndi laisensi yanu. Musanalonjeze chilichonse, imvani kaye kuti iwo alipira zingati. Yotsalayo ndiyo ngongole yanu.

Mtengo usachokere pakamwa pa mwini galimoto mtima udakali m'mwamba. Pitani limodzi kugalaja ziwiri kapena zitatu, amakaniko alembe kotesheni: bampala, nyali, kuwongola chitseko, penti. Apa mpamene zithunzi zija zimathandiza, chifukwa ena amafuna kulowetsapo ndi galasi lomwe linasweka kalekale.

Mukagwirizana, lembani. Papepalapo pakhale mayina, nambala za magalimoto, tsiku la ngozi, ndalama yonse, yomwe mwapereka poyamba, ya mwezi uliwonse ndi tsiku lake, komanso mawu akuti mukamaliza nkhani yokonzetsa galimoto yatha. Musainirane pamaso pa mboni, aliyense atenge pepala lake. Tiyerekeze kuti yatsala K900,000: kupereka K300,000 lero, kenako K100,000 pamwezi kwa miyezi 6, n'kwabwino kuposa kulonjeza zonse sabata yamawa chifukwa cha manyazi. Ngati ndalama mumaiona mukakolola mpunga kapena usipa ukagwa, nenani, masiku olipira atsate nyengo imeneyo.

Laisensi musaipereke ngati chikole, ngakhale mwini galimoto aumirire. Pa rodibuloko ya pa M5 "ili kwa amene ndinawagunda" si yankho.

Polipira gwiritsani ntchito banki, Airtel Money kapena Mpamba, uthenga wake musafufute. Mukapereka pamanja, wolandira asaine. Mwezi ukavuta, imbani foni tsiku lisanafike, osati kuzimitsa.

Mukalephera kumvana, nkhani imapita ku bwalo la majisitireti. Ngakhale kumeneko, mukagamulidwa kuti mulipire, mutha kupempha kuti muzipereka pang'onopang'ono. Tengani umboni wa zomwe mumapeza pamwezi. Mukanyozera chigamulo, masherifu amabwera kudzatenga katundu, mwina galimoto yomwe mumadyerayo. Amene sangakwanitse loya akafunse ku Legal Aid Bureau.

Za mlandu wa pamsewu, kulipira mnzanu sikuutseka. Chindapusa perekani mulandire risiti ya boma, ija amati General Receipt (GR). Mukaitanidwa kukhoti pitani, mutanyamula pepala la mgwirizano ndi marisiti, mukaonetse popempha kuti akuchepetsereni chilango. Pa milandu ikuluikulu, monga kuyendetsa mutaledzera kapena mosasamala, khoti lili ndi mphamvu yokuletsani kugwira chiwongolero. Likakuletsani, galimoto mupatse dalaivala wina wa laisensi mpaka nthawiyo ithe.