Kuchova njinga mu mphepo ya Ogasiti kuno ku Chipata: kopita ndi kobwerera

Kuno ku Chipata njinga si chinthu chachilendo, ambiri tinaphunzirira pa ma Eagle aja ankapangidwa konkuno pa Luangwa Industries, ena manje ali ndi ma Buffalo, ena anagula ma mountain bike a salaula okhala ndi magiya ambirimbiri oti theka sagwira olo. Koma kuchova kongofuna kusangalala, kutuluka m'tauni Loweruka kapena pa Sondo kukawongola miyendo m'timisewu ta kumidzi, ambiri amakusiya ikangofika Julayi ndi Ogasiti, ati mphepo yanyanya. Mphepoyo ilipodi sindikukana, koma chimene chimathetsa anthu mphamvu kwambiri ndi kusankha msewu molakwika asananyamuke n'komwe.

Mphepo ya nyengo ino ili ndi kwawo. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Seputembala imakonda kuchokera kum'mawa chakum'mwera, tinene kuti mbali ya Mwami ndi Vubwi uko, ndipo Ogasiti ndiye mwezi wake weniweni, fumbi lonse la m'tauni limakhala m'mwamba. Musananyamuke tulukani panja muone utsi wa pa mbaula ukupita kuti, muone nsonga za bulugamu kapena mbendera ya pa sukulu. Pafoni mungaonenso, ma app a nyengo amalemba liwiro lake ndi kamuvi, koma chenjerani ndi kamuviko chifukwa ena amalozera kumene mphepo ikupita pomwe mawu ake amanena kumene ikuchokera. Komanso m'tauni muno tazingidwa ndi mapiri, mphepo imazungulira, pa Kapata ingaoneke ngati ikuchokera uku koma mukangotuluka poyera mupeza ndi ina. Ndiye khulupirirani ya kunja kwa tauni.

Mukadziwa kumene ikuchokera, pitani komweko. Yambani ulendo mukulimbana nayo miyendo ikadali ndi mphamvu, botolo likadali lodzaza, ndiye pobwerera mutatopa izikukankhani kumsana. N'zosavuta kunena koma mtima umakana, chifukwa munthu ukangotuluka pa geti umafuna kumva njinga ikuthamanga.

Msewu wa ku Mfuwe ndiye msampha waukulu pa nkhaniyi. Mukakhota pafupi ndi geti lija lolandira alendo olowa mu Chipata n'kulunjika mbali ya eyapoti, mukupita kumpoto chakumadzulo, mphepo ili kumbuyo kwanu, komanso dziko likutsika pang'onopang'ono kulowera ku chigwa cha Luangwa, paja tauni yathu ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000 pomwe Mfuwe ili pansi kwambiri. Tala wake ndi wabwino, njinga imangoyenda yokha, mumadziona ngati katswiri, makilomita 30 amatha musanamwe olo madzi. Potembenuka ndiye mumadziwa kuti ngongole ija yafika pobweza, chitunda ndi mphepo zonse zili pamaso, dzuwa lakwera, ndipo ulendo umene unatenga ola limodzi popita ungatenge maola awiri kapena kuposa pobwera. Sindikuti musapiteko ayi, msewuwo ndi wokoma, koma mu Ogasiti tembenukani mukadali ndi mphamvu zambiri, pamene mtima ukuti tiyeni patsogolo pang'ono ndi pomwepo pobwerera. Great East Road kulowera ku Mtenguleni ndi Katete nayonso imanyenga chimodzimodzi, popita imakuthandizani, pobwera imakulipiritsani, kuphatikizapo mabasi a ku Lusaka amene sadziwa kuti njinga nayo ndi ya pamsewu.

Mbali ya Mwami ndiye yoyenera nyengo ino, bodala ili makilomita 20 ndi kanthu kuchoka m'tauni, mumavutika popita koma pobwera mumaseka. Vuto lake ndi mathiraki opita ku Mchinji, ndiye ine ndimakonda kungoyambira pa tala kenako n'kupatukira m'timisewu ta dothi tolowa m'midzi, kapena kutenga njira za mbali ya Vubwi ndi Chadiza. Msewu wa ku Lundazi umapita kumpoto, kumeneko mphepo imakumenyani m'mbali popita ndi pobwera pomwe, tikambapo pansipa.

Nthawi yonyamukira nayo ndi nkhani. Masiku ambiri m'bandakucha kumakhala bata, mphepo imayamba kudzuka dzuwa likatentha nthaka, cha m'ma 09 hours kupita m'tsogolo, masana ndiye imafika pachimake. Mukanyamuka cha m'ma 06 hours kulowera kum'mawa mumadya makilomita ambiri isanadzuke, ikamadzuka inu mukutembenuka, basi yakhala wantchito wanu. Kungoti Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira zedi makamaka m'madambo, zala zimauma pa mabuleki, valani magulovu olo otchipa a pa salaula. Ochova madzulo kumbukirani kuti dzuwa limalowa isanakwane 18 hours, ndipo mdima wa kumudzi ulibe magetsi a mumsewu.

Chimene chimachititsa kuti mphepo ya pamaso iwawe chonchi n'chakuti mpweya umakana mowirikiza. Liwiro la mpweya wokumenyani likawirikiza kawiri, kukankha kwake kumawirikiza kanayi. Ndiye ngati mukuchova pa 20 km pa ola ndipo mphepo ikubwera pa 20 km pa ola, thupi lanu likukumana ndi mpweya wa 40, kukana kwake ndi kanayi poyerekeza ndi tsiku la bata. Palibe miyendo imene ingapambane masamu amenewo, choncho iwalani za sipidi. Tsitsani giya, ikani yopepuka yoti miyendo izizungulira msangamsanga, ochova odziwa amakonda kuzungulitsa ka 80 mpaka 90 pa mphindi, osati kuponda giya yolemera mukugwedeza mapewa, mawondo adzakufunsani mawa lake. Ngati njinga yanu ndi ya giya imodzi monga Buffalo kapena Eagle palibe chotsitsa, ingochepetsani liwiro muziponda mofanana osadukiza, ndipo pa chitunda kutsika n'kukankha si manyazi, anzathu a malasha amachita zimenezo tsiku lililonse ndipo amafika m'tauni.

Thupi lanu ndiye limagwira mphepo kwambiri kuposa njinga. Weramani pang'ono, pindani zigongono muzibweze m'kati, mutu utsike koma maso akhale kutsogolo, mawondo asatakasuke kunja. Amene muli ndi mahandulo opindikira pansi aja gwirani m'munsimo. Osaimirira pa mapedulo pokhapokha pakafunika, mukaimirira mwadzipereka chifuwa chonse. Zovala nazo, jekete lalikulu lotsegula zipi limafufuma ngati chitenje chili pa chingwe ndipo limakukokerani kumbuyo, valani chothina bwino, malaya muwapisire. Ndipo chotsani chilichonse chosafunika pa keliyala, kreti ija mumanyamulira zinthu pa Saturday Market isiyeni kunyumba.

Mukakhala awiri kapena atatu zinthu zimapepuka kwambiri. Wakumbuyo akayandikira tayala la mnzake amabisala, ndipo angapulumutse mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Muzisinthana, wina atsogole mphindi ziwiri zitatu kenako apatuke abwerere kumbuyo, asadikire mpaka atatheratu chifukwa akatero sathanso kugwira mzere. Koma izi zimafuna kumvana. Wakutsogolo asamange buleki mwadzidzidzi, akaona dzenje kapena mbuzi akuwe kapena aloze ndi dzanja, ndipo wakumbuyo tayala lake lakutsogolo lisalowe m'mbali mwa tayala la mnzake, zikangokhudzana amene amagwa ndi wakumbuyoyo. Pa dothi siyani mpata waukulu, fumbi la mnzanu limabisa miyala. Ndipo pali anthu ena, tikuwadziwa, amabisala kumbuyo ulendo wonse ndiye pafupi ndi tauni n'kuthamanga kukupitirirani ngati achita chanzeru, amenewo agule maheu a gulu lonse.

Mphepo ya m'mbali ndiyo yoopsa, ya pamaso imangotopetsa. Imabwera modzidzimutsa makamaka mukatuluka pamene panali chotchinga, mwadutsa mitengo ya mango ya pamudzi kapena khoma la sukulu kenako mwafika pa munda wokololedwa kale wopanda kanthu, kapena pa mlatho wa dambo, pomwepo imakankha tayala lakutsogolo. Muziona malo otere patali n'kukonzeka, manja onse awiri pa handulo, gwirani molimba koma mapewa akhale omasuka, pendekerani pang'ono kumene ikuchokera ndipo musasiye kuchova, njinga imene ikupondedwa imakhazikika kuposa yongoyenda yokha. Botolo imwani pamalo obisika. Pa msewu wa Lundazi popita kumpoto mphepo ikuchokera kumanja, ikukukankhirani kunja kwa tala, kumeneko n'kwabwinoko ngakhale m'mphepete mwa tala mwina mumakhala modyeka moti tayala lingatsetsereke. Pobwera ndiye ikuchokera kumanzere, paja timayenda kumanzere, ndiye kuti ikukukankhirani pakati pa msewu kumene kuli mamotoka. Apo chepetsani liwiro ndithu.

Mathiraki amawonjezera zake. Miyezi imeneyi ndi ya msika, thonje likupita ku ma ginnery, chimanga chikupita ku madepoti a FRA, bungwe la boma logula chimanga lija, ndiye magalimoto olemera ali ponseponse mpaka m'misewu ya kumidzi. Thiraki ikamakudutsani imayamba yakukankhani ndi mpweya wake, kenako imatchinga mphepo ija munapendekera, ndiye mumapezeka mukugwera mbali yake, ikangodutsa mphepo imabweranso ndi mphamvu. Mukamva ikubwera kumbuyo ndipo kutsogolo kukubweranso ina, tulukani mu tala muime, palibe mpikisano. Mahedifoni asiyeni, mphepo payokha imatseka kale makutu moti motoka mumaimva itafika. Helemeti valani ndipo mumange lamba wake, chipewa wamba chimauluka ndipo munthu amatembenuka kuchiyang'ana ali pa liwiro.

M'misewu ya dothi mphepo imasonkhanitsa mchenga m'makona ndi m'malo otsika, mukalowamo osakhota mwamphamvu kapena kumanga buleki yakutsogolo, khalani chakumbuyo kwa chishalo muziponda mpaka mutuluke. Matayala musawapope gwa ngati pa tala, chotsaniko mpweya pang'ono kuti agwire nthaka ndi kuchepetsa kugwedezeka pa mabampu, koma osanyanya chifukwa chubu chingapanidwe ndi rimu pa mwala. Nthawi zambiri kanjira kosalala kali m'mbali momwe mumadutsa njinga za eni mudzi, tsatirani komweko, iwo anakayesa kale. Magalasi ndi ofunika olo otchipa a pamsika, ndi kansalu kotseka mphuno. Kamvuluvulu mukamuona akubwera ingoimani, phazi pansi, tembenuzani nkhope, amadutsa msanga. Chinanso ndi lupsa, Ogasiti ndi Seputembala anthu amatentha tchire, ena posaka mbewa, ndipo moto wa udzu wouma ukakhala ndi mphepo umathamanga, utsi ukatseka msewu musalowemo mongoganiza kuti ndi pafupi, simukudziwa ngati mkatimo muli ngolo ya ng'ombe kapena kanta. Dikirani upite.

Poti mukudutsa m'midzi ya eni ake, ulemu musausiye m'tauni. Mukaona masamba kapena nthambi zayalidwa pamsewu ndiye kuti pali maliro, tsikani mukankhe njinga mpaka mutapitirira masamba a mbali inayo, olo mphepo ikhale ikukukankhani bwanji. M'madera a Achewa monga mbali ya Katete ndi Chadiza ino ndi nyengo ya gule, makamaka kuyandikira Kulamba ya ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, mukakumana ndi gule panjira patukani mutsike, foni ikhale m'thumba, ndipo kukhala ndi kandalama kakang'ono koponya pansi kumathandiza. Pofuna madzi pa mjigo yambani mwapereka moni, muli bwanji amayi, tingatungeko, ndipo mufunsenso za njira, adzakuuzani kumene mlatho unaduka ndi kumene kuli mchenga wambiri.

Madziwo imwani olo simukumva ludzu. Mphepo youma ya nyengo ino imaumitsa thukuta musanalione, mumaganiza kuti simukutuluka thukuta kenako mutu wayamba kuwawa. Botolo limodzi pa ola ndi poyambira pabwino. M'thumba ikani nthochi, mbatata yophika kapena nshawa zokazinga, ndipo idyani musanatembenuke, osadikira njala. Vaselini pamilomo. Pampu, chubu chapadera, mapachi ndi solushoni, sipanala, zonsezi zisasale chifukwa udzu ukapsa minga imatsala poyera, ndiponso okonza njinga pansi pa mtengo amapezeka pa ma trading centre okha, pakati pa midzi mulibe. Kandalama ka m'manja nako, netiweki ya mobile money imasowa m'makwalala ena.

Mukafika kunyumba tcheni imakhala itadya fumbi lokwanira. Musathire oyilo pamwamba pa fumbilo, zimasanduka phala lokhakhala limene limadya tcheni ndi mano a magiya. Pukutani kaye ndi chinsanza, ngati yada kwambiri tsukani ndi parafini pang'ono ndi mswachi wakale, iume, ndiye donthezani oyilo wopepuka monga wa makina osokera pa mfundo iliyonse, zungulitsani mapedulo kangapo n'kupukutanso wotsala kunja. Oyilo wakuda wotsala ku injini uja amapaka ambiri ndiye amaitana fumbi kuposa onse. Onaninso marabala a mabuleki ngati mwalowa timiyala, ndipo gwirani masipoko awiriawiri kumva ngati ena akhwefuka ndi mabampu.