Mmene mungadziwire zaka za mapu akale a zigawo za ku England ndi kuyezapo mtunda

Chaka cholembedwa pa mapu a chigawo ngati Kent kapena Devon kawirikawiri ndi chimene anazokota mkuwa wosindikizira, osati chimene pepalalo linasindikizidwa. Mapu a katswiri wojambula mapu John Speed anatuluka cha mu 1611, koma mkuwa womwewo unkagwirabe ntchito mu 1676, ogulitsa atsopano, Bassett ndi Chiswell, atazokotapo mayina awo. Choncho yambani mwafufuza dzina la wogulitsa pa mapupo.

Kenako liimikeni pepalalo pawindo kuti kuwala kudutse. Pepala lakale lopangidwa pamanja limaonetsa timizere tothithikana, ndi mizere ina yopingasa yotalikirana pafupifupi masentimita awiri ndi theka. Pepala losalala lopanda mizereyi linafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Mukapeza mapu a Christopher Saxton a m'buku lake la 1579 ali papepala lotere, dziwani kuti ndi okopera. Walitsani tochi chammbali, mudzaona khwawa losaya lozungulira chithunzicho pamene mkuwa unadinda pepala lonyowa. Khwawali likasowa musafulumire kugamula, poti ena ankadula m'mphepete pomanga buku. Koma galasi lokulitsa likaonetsa timadontho tondondozana bwinobwino m'malo mwa mizere yakuthwa ya inki, amenewo ndi makina amakono. Tembenuzaninso kumbuyo: utoto wobiriwira wakale unali ndi mkuwa, umadya pepala n'kuonekera kuseri ngati banga lofiirira.

Zojambulidwazo nazo zimaulula. Saxton ndi Speed sankaika misewu. Misewu inayamba kulowa m'mapu a zigawo John Ogilby atatulutsa mapu ake a misewu mu 1675. Njanji ikaoneka, pepalalo ndi la m'zaka za m'ma 1800 kapena pambuyo pake, ngakhale mkuwawo utakhala wakale.

Pa mtunda ndi pamene ambiri amasokera. Sikelo yojambulidwa pakona musaikhulupirire msanga, chifukwa mailo inali yosiyanasiyana, mwakuti Robert Morden mu 1695 ankaika masikelo atatu pa mapu amodzi. Sankhani matchalitchi awiri amene alipobe lero, yezani ndi lula pa mapu akalewo, muyezenso pa mapu amakono a Ordnance Survey, bungwe la boma la Britain lojambula mapu, ndipo mugawe kuti mupeze sikelo yeniyeni. Chitani zimenezi chopingasa ndi choimirira, chifukwa pepala likamauma silikhwinyata mofanana mbali zonse.

Mapu a minda a nthawi imeneyo ankayezedwa ndi tcheni cha Edmund Gunter cha mu 1620: mafiti 66, omwe ndi mamita 20.12, chogawidwa m'mfundo 100. Matcheni 80 ndi mailo imodzi, ndipo munda wa matcheni 10 mulitali ndi tcheni chimodzi mulifupi ndi ekala imodzi, ekala yomweyi timatchula pokamba za minda kwathu kuno. Mukaona zilembo A, R ndi P pamwamba pa manambala, A ndi maekala, ndipo R ndi P ndi magawo a ekala (rood ndi perch): ma R anayi ndi ekala, ndipo ma P 40 ndi R imodzi. Manambalawo akasiyana ndi miyeso ya lero, ganizirani ziwiri. Tcheni chikaperepeseka polumikizira chimatalika, ndiye woyeza amalemba mtunda wochepa kuposa weniweni. Akachigoneka potsetsereka osachiwongola, mtunda umatuluka wochuluka, ndipo maekala a munda wa m'phiri amaposa amene mungapeze pa mapu amakono.