Momwe mungamatire boti la fayiba likang'aluka kapena kubooka

Chigamba choyamba chimene ndinamata pa boti la fayiba sichinathe milungu iwiri. Linali boti laling'ono la thanga, lija la mimba ziwiri zowonda zokhala ngati mabwato awiri omangidwa pamodzi, limene amalitcha katamarani. Mwera unaliwombetsa pamwala tikulikokera kumtunda, kugombe la kumunsi kwa Mtakataka. Ndinapukuta pamalopo ndi nsanza, n'kupaka rezini (guluu wamadzimadzi amene amauma n'kulimba gwa), n'kuyala fayiba pamwamba. Pooneka panali bwino ndithu. Koma tsiku lina nditalowetsa chikhadabo m'mphepete, chigamba chonse chinasendeka ngati khungu la chinangwa, pansi pake pali chinyontho.

Chinandilaka si kumata ayi. Ndinadumpha kuumitsa ndi kupala, pomwe ntchito yaikulu yagona pamenepo. Njira ili m'munsiyi ndi yomweyo ngakhale pa boti la fayiba la injini la asodzi.

Konzani izi: rezini ya polyester ndi hadena yake (mankhwala oumitsa reziniyo), nsalu ya fayiba imene amaitcha mati (ya magalamu 450 ndiyo yabwino pa ntchito iyi), asetoni (mankhwala opukutira mafuta ndi litsiro), sandipepa wa nambala 40, 80, 120 ndi 400, bulashi yotchipa, sirinji yopanda singano, jelikoti (utoto wosalala wa pamwamba pa boti la fayiba), magolovesi, masiki ndi magalasi oteteza maso. Zambiri mwa izi mukazifunse ku Lilongwe m'masitolo ogulitsa penti wa galimoto. Akakupatsani pute womatira galimoto, mukane. Pute ameneyu amamwa madzi, ndipo pansi pa boti sakhalitsa.

Yambani ndi kufufuza pomwe bala lalekezera. Mng'alu umene mukuuona ndi maso nthawi zambiri umakhala waung'ono kuposa pomwe paonongeka. Tengani ndalama yachitsulo muzigogoda mozungulira. Pabwinobwino pamalira kuti ngwe ngwe, pomwe fayiba yalekana mkati pamalira kuti phu phu. Zungulizani ndi choko malo onse olira phu phu, chifukwa onsewo achoka.

Kenako umitsani. Tulutsani boti m'madzi, tsegulani kabowo kotulutsira madzi kumbuyo kwa mimba iliyonse, madzi atuluke onse, ndipo litembenuzeni kuti bala liyang'ane kumwamba. Makatamarani ambiri ang'onoang'ono ali ndi siponji yolimba pakati pa zikopa ziwiri za fayiba, ndipo madzi akalowa pamenepo satuluka tsiku limodzi. Lisiyeni padzuwa masiku angapo, usiku muzivundikira kuopa mame. Kuti mutsimikize, matani kapepala ka pulasitiki pabalapo ndi tepi m'mawa. Mukapeza thukuta pansi pake masana, sipanaume. Ndikudziwa kuti boti likakhala pamtunda ndalama sizilowa, komabe dikirani.

Tsopano kupala, ndipo apa ndichedwapo. Valani masiki ndi malaya a manja aatali, chifukwa fumbi la fayiba limayabwa ngati chitedze ndipo si loyenera kulowa m'mapapo. Ndi girayinda kapena sandipepa wa 40, chotsani fayiba yonse yoyera mbuu ndi yothetheka mpaka mufike pabwinobwino, polimba. Mukatero setekani m'mphepete mwa bala kuti mukhale motsetsereka pang'onopang'ono ngati mbale yosaya. Muyezo wake ndi uwu: kutambalala kwa kotsetserekako kukhale kuchindikala kwa fayiba kuchulukitsa ka 12. Ngati khoma la boti ndi lochindikala mamilimita 4, setekani pafupifupi masentimita 5 mbali zonse. Anthu ambiri amachita mantha poona bala likukula, n'kulekera panjira. Koma rezini yatsopano imagwira yakale chifukwa cha kukhakhala ndi kukula kwa malo okhudzana, basi. Malo akachepa, chigamba chimakhala chongosanjikidwa. Mukatha, pukutani ndi nsalu yoyera yonyowetsedwa ndi asetoni, ndipo musagwirenso ndi dzanja.

Ngati siponji ya pakati yaola kapena yaphwanyika, ikoloweni muikemo ina ya polyurethane. Musaike ija yoyera yopepuka imene amatetezera mawailesi m'makatoni, rezini imaisungunula.

Bowo likapyoza mpaka mkati pamakhala vuto lina: mimba ya katamarani ndi yotsekeka, dzanja silifika kuseri. Dulani katoni yokulirapo kuposa bowolo, muboole pakati n'kupisamo chingwe chomangidwa ku kamtengo. Yalani mati pakatonipo, munyowetse ndi rezini, muipinde pang'ono n'kuilowetsa pabowo. Kokani chingwe kuti igwire khoma chamkati, ndipo mumangirire ku ndodo yopingasa kunja. Ikauma dulani chingwecho. Mwapeza pogonetsa chigamba chanu.

Musanatsegule rezini, konzeranitu zidutswa za mati, chilichonse chocheperapo kuposa chinzake. Muzing'amba ndi manja, osati ndi sizasi, kuti m'mphepete mukhale nyenyeswa zolowerera bwino. Chidutswa chimodzi cha mati a 450 chimapereka pafupifupi milimita imodzi, choncho khoma la mamilimita 4 lifuna zinayi.

Posakaniza ndi pomwe nyengo ya kwathu kuno imalowererapo. Hadena amathira pakati pa mililita 1 ndi 2 pa mamililita 100 a rezini. Yezani ndi sirinji, osati ndi maso. Ku Golomoti kapena ku Mtakataka mu Okotobala, thirani mililita 1, mugwire ntchito m'mamawa pamthunzi, chifukwa kutentha kumafulumizitsa rezini ndipo imatha kukuumirani m'chitini bulashi ili m'manja. Mukakhala kuti boti mwakwera nalo ku Dedza boma, pamtunda wa pafupifupi mamita 1,600, m'chisanu cha Juni ndi Julaye, thirani mamililita 2 ndipo mudikire dzuwa likwere. Kukazizira kutsika pa madigiri 15, rezini siuma bwino, imangonanda. Musaganize zothira hadena wambirimbiri kuti zifulumire, chigamba chimatentha n'kukhala chosachedwa kusweka. Sakanizani pang'onopang'ono, yokwana kugwiritsa ntchito m'mphindi 15.

Hadena ameneyu musamale naye kwambiri. Dontho limodzi m'diso lingathe kukuchititsani khungu. Likagwera, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, n'kuthamangira kuchipatala. Ana asayandikire, ndipo pasakhale wosuta fodya kapena mbaula pafupi, popeza asetoni ndi rezini zimayaka msanga. Yotsala m'chitini imatentha yokha pouma, ndiye musaitaye pa udzu wouma kapena pa nsanza.

Pakani rezini pabala, gonetsani chidutswa chachikulu choyamba, kenako zinazo motsatana kukula. Ena amayamba ndi chaching'ono, koma ine ndimakonda chachikulu pansi kuti chigwire malo onse amene ndapala. Bulashi musamaikoke ngati mukupaka penti, muzijoba nayo ngati mukudinda. Mati akakhuta rezini amasintha kuchoka poyera n'kuyamba kuonekera mkati. Kadontho koyera kakatsala, ndiye kuti muli mpweya kapena pouma, ndipo mpomwe madzi adzalowere. Kajobeni mpaka kathe. Rezini isachite kusefukira, pakuti mphamvu ili mu ulusi wa fayiba. Musapitirire zidutswa zinayi nthawi imodzi. Ngati pakufunika zina, dikirani zoyambazo zizizire.

Botilo lisiyeni ligone usiku wonse. Mawa lake, ngati chikhadabo sichikulowa, palani ndi sandipepa wa 80 wokulungidwa pathabwa kuti pafanane ndi thupi la boti, kenako wa 120. Sakanizani jelikoti ndi hadena, pakani, n'kuvundikira ndi pulasitiki wosalala, chifukwa jelikoti akakhudzana ndi mpweya pamwamba pake pamatsala ponata. Akauma, salazani ndi wa 400 mukuthira madzi. Mtundu ukasiyana pang'ono ndi wakale musadandaule, dzuwa linasuwitsa kale wakalewo.

Musanalibwezere m'nyanja, liyeseni. Pakani thovu la sopo pachigamba ndi m'mbali mwake, wina azipuzira ndi pakamwa pa kabowo kotulutsira madzi. Musagwiritse ntchito makina opopera mpweya, angathe kuphulitsa mimba ya boti. Thovu likatukumuka, pamenepo pakutuluka mpweya, palaninso ndi kumata. Likakhala zii, dikiranibe masiku awiri kapena atatu kuti rezini ikhwime. Tsiku loyamba sankhani m'mawa kopanda mwera, yendani kufupi ndi gombe kwa ola limodzi, kenako kokerani boti kumtunda pa matayala akale kapena pa mitengo, mutsegule kabowo kaja muone ngati mutuluke madzi.