Mmene mungakhalire nokha ku phiri pa tsiku lanu lobadwa ku Dedza

Kuno kwathu munthu akanena kuti akufuna kukhala yekha pa tsiku lake lobadwa, achibale amayamba kufunsana ngati pali yemwe wamukhumudwitsa kapena ngati pali vuto lomwe akubisa. Choncho musanayambe kulongedza chikwama, yambani mwafotokozera a kunyumba. Auzeni mayi anu, amuna anu kapena akazi anu kuti mukupita ku phiri kukapuma, mutchule njira yomwe mudzere ndi nthawi yomwe mubwerere, ndipo ngati anakonza zopha nkhuku, aphe ndithu kuti mudzadyere limodzi madzulo. Kutero kumachotsa nkhawa pakhomo, komanso mukaterereka pa thanthwe n'kubinya mwendo pamakhala wina wodziwa kokakufunani.

Malo oyenera ndi ambiri, koma awiri ndiwo osavuta kufikako. Oyamba ndi phiri la Dedza lenilenilo, lomwe nsonga yake ili pa mamita 2,198 kuchokera pa nyanja yamchere. Popeza tawuni ya Dedza ili kale pamwamba, pafupifupi mamita 1,600, chitunda chomwe mukwere si chachikulu monga mmene chimaonekera mukakhala pa msewu wa M1. Pali msewu wafumbi wodutsa m'mitengo ya paini wopita ku nsanja za mawailesi ndi mafoni, ndipo munthu woyenda yekha ndi bwino atsate umenewu m'malo molowa tinjira ta otola nkhuni, tomwe timasocheretsa nkhungu ikatsika. Mukayenda mosathamanga mudzafika pamwamba pakatha maola awiri kapena atatu, ndipo kumadzulo mudzaona mapiri a ku Mozambique.

Malo achiwiri ndi Chongoni, kumpoto kwa boma, komwe kuli mapanga ndi matanthwe 127 okhala ndi zojambula za makolo, omwe bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira ndi za Akafula, omwe ankakhala kuno Achewa asanafike, pomwe zoyera ndi za Achewa ndipo zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Ku Chentcherere, pafupi ndi sukulu ya za nkhalango, ndi ku Mphunzi ndiko anthu amapita kawirikawiri. Kumeneku simungakhale nokha tsiku lonse chifukwa mufunika wokulondolerani, koma mukhoza kumupempha mwaulemu kuti akusiyeni pa thanthwe kwa ola limodzi kapena awiri. Musakhudze zojambulazo, ndipo musalembepo dzina lanu ndi khala monga ena achitira. Ine ndimaona kuti wofuna bata lenileni asankhe phiri la Dedza, ndipo Chongoni asungire tsiku lomwe ali ndi mtima wophunzira.

Tsiku lobadwa silisuntha, motero ndinu amene muyenera kutsata nyengo. Obadwa mu Epulo ndi Meyi ali ndi mwayi, chifukwa mvula imakhala italekeza, udzu ukadali wobiriwira ndipo kutali kumaoneka bwino. Mu Juni ndi Julayi Dedza imazizira kwambiri, ndipo pamwamba pa phiri mphepo imalasa mpaka m'mafupa, choncho tengani juzi yokhuthala ndi chipewa ngakhale kunja kutacha bwino. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala ndi nthawi ya moto wolusa: mukaona utsi kumunsi kwa njira yanu, tsikani msanga podzera komwe kulibe udzu wautali. M'dzinja nyamukani m'mamawa kwambiri ndipo muchoke pa nsonga masana asanakwane, chifukwa mphezi imakonda malo okwera ndi pafupi ndi nsanja zachitsulo.

Katundu akhale wochepa. Malita awiri a madzi, tiyi mu fulasiki, kachewere wowiritsa ndi kamchere pang'ono, mtedza wokazinga, nthochi, chitenje choyala pansi ndi nsapato zosaterera n'zokwanira. Mowa usiyeni kunyumba, chifukwa kutsika phiri kumafuna miyendo yodziwa pomwe ikuponda. Musasonkhe moto m'nkhalango ya boma, ndipo mabotolo ndi majumbo mubwerere nazo.

Panjira mudzakumana ndi amayi osenza nkhuni kapena abambo ochokera kocheka matabwa. Apatseni moni, ndipo akakufunsani komwe mukupita ayankheni bwino, chifukwa mlendo wongodutsa chamutu m'tchire amakayikitsa, pomwe amene wapereka moni amakhala ndi anthu omukumbukira. Ngati mukudutsa m'midzi, monga popita ku Mphunzi, musalowe m'kankhalango kowirira komwe kali pakati pa minda poganiza kuti mwapeza mthunzi wabwino. Nthawi zambiri amenewo amakhala manda, ndipo kwa Achewa a ku Dedza manda ndi dambwe zimayandikana. Funsani kaye.

Mukafika, pezani thanthwe lotetezeka ku mphepo, muyang'ane m'ming'alu ngati mulibe njoka, kenako muyale chitenje. Apa ndi pomwe ambiri amalephera, chifukwa foni imayamba kulira ndi mauthenga a mafuno abwino a pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo munthu amapezeka kuti wakwera phiri lonse kuti akayankhe anthu omwe anawathawa. Musaizime, popeza ingafunike pa ngozi, koma itsekeni mawu n'kuiika pansi pa chikwama. Ola loyamba mtima umakhala wosakhazikika, umangowerenga ngongole, fizi ya ana ndi zaka zomwe zapita. Musalimbane nawo. Imwani tiyi, mvetserani mphepo m'mitengo ndi tambala wolira m'mudzi wa kumunsi, ndipo ngati tulo tabwera gonani pang'ono. Amene amapemphera apemphere, ndipo amene amakonda kulemba atenge kope ndi cholembera, koma asadzipatse ntchito yokonza chaka chonse pa tsiku limodzi.

Yambani kutsika 3 koloko isanakwane, makamaka m'miyezi yozizira pomwe mdima umagwa 6 koloko isanafike. Ngati m'thumba mwatsala kenakake, dzerani ku Dedza Pottery mukamwe khofi musanakwere kabaza wobwerera kunyumba, ndipo mauthenga aja muwayankhire kumeneko.