Momwe mungafufuzire mbiri ya Dong-A Ilbo, nyuzipepala ya ku Korea, m'masamba ake akale

Dong-A Ilbo ndi imodzi mwa nyuzipepala zikuluzikulu zotuluka tsiku ndi tsiku ku South Korea. Inayamba pa 1 Epulo 1920 mumzinda wa Seoul, dziko la Korea lili m'manja mwa atsamunda a ku Japan. Anthu a kumeneko sagwirizana pa mbiri yake. Ena amaitama kuti inalimbana ndi atsamunda komanso maboma a asilikali, pomwe ena amati inkagwada zinthu zikafika pothina. Mbali zonse zili ndi umboni, choncho wophunzira utolankhani kapena mbiri asangodalira zomwe ena analemba. Masamba enieniwo alipo pa intaneti, ndipo mungawafufuze ngakhale simudziwa bwino Chikoreya.

Yambani ndi kupeza nkhokwe ya masamba

Kampani ya intaneti ya ku South Korea, Naver, ili ndi nkhokwe yotchedwa Naver News Library, momwe muli masamba a Dong-A Ilbo kuyambira 1920 mpaka 1999, ojambulidwa monga anasindikizidwira. Gwiritsani ntchito kompyuta, chifukwa pafoni zilembo zimachepa kwambiri. Sankhani kufufuza ndi deti, kenako sankhani nyuzipepala. Dzina lake m'zilembo za Chikoreya ndi 동아일보. Likopereni penapake kuti muzilizindikira, poti m'nkhokwemo mulinso nyuzipepala zina monga Kyunghyang Shinmun ndi Hankyoreh.

Phunzirani kuwerenga tsamba ndi deti lake

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Masamba akale analembedwa motsika: mzere umayambira pamwamba kupita pansi, ndipo mizereyo imatsatana kuchokera kumanja kupita kumanzere. Dong-A Ilbo inasiya kalembedwe kameneka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kuwonjezera apo, nkhani zakale zinkasakaniza zilembo za Chikoreya, zotchedwa Hangul, ndi za Chitchaina, zotchedwa Hanja. Mukadina nkhani, nkhokweyo imakupatsani mawu ake olembedwa pambali, ndipo pali batani losinthira Hanja kukhala Hangul. Dinani batanilo musanakopere mawuwo kupita ku Papago kapena Google Translate. Mukapanda kutero, makina omasulira amatha kuganiza kuti ndi Chitchaina n'kukupatsani zosamveka. Nkhani za chaka cha 1933 chisanafike zimavutabe, chifukwa malamulo a kalembedwe ka Chikoreya anali asanakhazikitsidwe. Muzimasulira chiganizo chimodzichimodzi.

Chaka cholembedwa pamwamba pa tsamba chingakunamizeninso. Nthawi ya atsamunda ankawerenga zaka potengera ulamuliro wa mfumu ya ku Japan. Pa zaka za Taisho wonjezerani 1911, kotero Taisho 9 ndi 1920. Pa zaka za Showa wonjezerani 1925, kotero Showa 11 ndi 1936. Kuyambira 1948 mpaka 1961 South Korea inkagwiritsa ntchito kalendala ya Dangi, ndipo apo mumachotsa 2333: chaka cha 4293 ndi 1960.

Tsegulani masiku amene nyuzipepala inapanikizidwa

Musayese kuwerenga zaka zonse. Khalidwe la nyuzipepala limaonekera pamasiku amene olamulira anaikanikiza, ndipo masiku otere ndi odziwika.

Yambani ndi kope loyamba la 1920. Kumbukirani kuti chaka chapitacho, pa 1 Malichi 1919, Akoreya anachita zionetsero zofuna ufulu m'dziko lonse. Japan itazithetsa mwankhanza, inasintha njira n'kulola nyuzipepala zochepa za Chikoreya. Chosun Ilbo inayamba pa 5 Malichi 1920, ndipo Dong-A Ilbo, imene Kim Seong-su ndi anzake anakhazikitsa, inatsatira patangopita milungu inayi. Ufulu wake unali wochita kupatsidwa ndi boma lomwelo limene inkalitsutsa, ndipo boma linkalanda makope kapena kuiimitsa likafuna.

Kenako pitani pa 25 Ogasiti 1936. Sohn Kee-chung, Mkoreya, anapambana mpikisano wothamanga mtunda wautali pa masewera a Olympic ku Berlin, koma anathamangira Japan, dzina lake litalembedwa Son Kitei. Atolankhani a Dong-A Ilbo anafufuta mbendera ya Japan pachifuwa pake m'chithunzi. Ena mwa iwo anamangidwa, ndipo nyuzipepala inaimitsidwa mpaka chaka chotsatira. Pofufuza dzina lake lembani 손기정, chifukwa zilembo zathuzi nkhokweyo sizipeza.

Musalekere pamenepo. Tsegulaninso masamba oyamba a 1938 ndi 1939, makamaka a pa 1 Januwale, muone momwe nyuzipepala yomweyo inkalembera za mfumu ya ku Japan ndi nkhondo ya ku China. Masamba amenewa ndi amene otsutsa amaloza, ndipo wofufuza woona mtima sangawalumphe. Mu 2017 khoti lalikulu la South Korea linagamula kuti Kim Seong-su anathandizadi atsamunda m'zaka za nkhondo. Ngakhale zinali choncho, Japan inatseka Dong-A Ilbo ndi Chosun Ilbo pa 10 Ogasiti 1940. Mukapanda kupeza masamba pakati pa tsikuli ndi 1 Disembala 1945, nkhokwe sinawonongeke ayi, nyuzipepala sinkatuluka.

Kope la pa 27 Disembala 1945 likuonetsa mphamvu ya mutu wa nkhani wolakwika. Linanena kuti pa msonkhano wa ku Moscow, kumene nduna za America, Britain ndi Soviet Union zinakambirana za tsogolo la Korea ulamuliro wa Japan utatha, dziko la Soviet Union linkafuna kuti Korea iyambe yayang'aniridwa ndi mayiko ena, pomwe America inkafuna ufulu wa pompopompo. Zoona zake n'zakuti maganizo oyang'anirawo anachokera ku America. Nkhaniyo inakolezera mkangano pakati pa magulu andale a ku Korea panthawi yovuta kwambiri.

Yang'anani zotsatsa malonda, osati nkhani zokha

Gawo limene limapindulitsa kwambiri ndi la 1974 ndi 1975. Pa 24 Okutobala 1974, atolankhani a Dong-A Ilbo analengeza kuti sadzalolanso akazitape a boma la pulezidenti Park Chung-hee kulowerera pa ntchito yawo. Boma silinatseke nyuzipepala. Linaopseza makampani kuti asiye kutsatsa malonda mmenemo. Tsegulani makope a kumapeto kwa Disembala 1974 ndipo muyang'ane m'munsi mwa tsamba: malo a zotsatsa ali mbee, opanda kanthu. Pitirizani mu Januwale ndi Febuluwale 1975. Malo aja ayamba kudzaza ndi timauthenga tating'ono tolimbikitsa atolankhani, tolipiridwa ndi anthu wamba, ophunzira ndi a mipingo, ambiri osalemba mayina awo. Masulirani khumi kapena makumi awiri mwa timauthengato. Palibe buku limene lingakuuzeni bwino kuposa timeneti kuti owerenga ankaiona bwanji nyuzipepala yawo.

Mapeto ake anali owawa. Mu Malichi 1975 eni nyuzipepala anachotsa ntchito atolankhani ndi anzawo a pawailesi ya kampaniyo oposa 100. Nkhani imeneyi musaifufuze m'masamba a Dong-A Ilbo okha, chifukwa mwini nkhani ndi yemweyo akufotokoza. Ena mwa ochotsedwawo anathandiza kukhazikitsa Hankyoreh pa 15 Meyi 1988, ndi ndalama zosonkha kwa anthu wamba, ndipo m'menemo mupezamo mbali yawo.

Pomaliza, yerekezerani ndi lero

Onaninso Januwale 1987, pamene wophunzira Park Jong-chul anafera m'manja mwa apolisi. Dong-A Ilbo inali m'gulu la nyuzipepala zoulula kuti anazunzidwa, nkhani imene inathandiza kuutsa zionetsero za mu Juni zomwe zinabweretsa chisankho cha pulezidenti chovoteredwa ndi anthu onse. Masiku ano Akoreya amaiphatikiza ndi Chosun Ilbo ndi JoongAng Ilbo m'dzina limodzi, Chojoongdong, kutanthauza nyuzipepala zitatu zokomera andale osafuna kusintha zinthu msanga, ndipo kuyambira 2011 kampani yake ili ndi wailesi ya kanema ya Channel A. Sankhani nkhani imodzi ya ndale ya sabata ino, muwerenge ndemanga ya mkonzi wa Dong-A Ilbo ndi ya Hankyoreh za tsiku lomwelo. Zonse ziwiri zili ndi masamba a Chingerezi pa intaneti, koma nkhani zomasuliridwa ndi zochepa chabe, choncho tsegulaninso tsamba la Chikoreya muone zimene zaikidwa pamwamba.